Mbusa Woperekedwa pa Chipata Chathu: Tawerenga Buku la Moyo wa Uria Simango

Palibe munthu wa kuno ku Milange amene sanaolokepo pa Muloza. Ena timaoloka ndi njinga itasenza chimanga kapena nandolo, ena kukagula sopo ndi shuga ku Limbuli. Ambiri mwa ife akuluakulu tinaolokapo mu 1986 tikuthawa nkhondo, mwana kumsana, mphika pamutu. Koma ndi angati amene amadziwa kuti pa malire omwewa, chakumapeto kwa 1974, panaperekedwa munthu amene anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa Frelimo kwa zaka 7? Munthuyo anali mbusa wa mpingo, dzina lake Uria Timóteo Simango. Atadutsa m'boma lathu lino sanakhalenso mfulu, ndipo manda ake abale ake sanaonetsedwe.

Ife amene tinaphunzira sukulu ufulu utangobwera tinamva dzinali pamodzi ndi mawu amodzi okha: wogulitsa dziko. Linkatchulidwa pamisonkhano pamodzi ndi la Nkavandame ndi la Joana Simeão, ndipo anthu ankayankha mokweza kuti "abaixo!" Palibe ankafunsa kuti anagulitsa kwa yani, pa mtengo wanji, nanga mlandu wake unazengedwa m'bwalo liti.

Buku limene tikukambirana pano ndi limene linayesa kufunsa mafunso amenewa. Analemba ndi a Barnabé Lucas Ncomo, linasindikizidwa ku Maputo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo mutu wake ndi Uria Simango: Um homem, uma causa, kutanthauza kuti munthu mmodzi ndi cholinga chimene anachiimira. Ndi lachipwitikizi, lalikulu, masamba oposa 400. Taliwerenga pambali pa buku lachingerezi la a João Cabrita la mu 2000, Mozambique: The Tortuous Road to Democracy, limene limakhudzanso nkhani yomweyi. Tinene msanga maganizo athu, owerenga asavutike kuwafunafuna. Bukuli ndi lofunika, ndipo aliyense wodziwa Chipwitikizi aliwerenge. Koma mlembi wake walankhula ngati nkhoswe ya mbali imodzi. Wamuchotsa munthu pa mpando wa Yudasi nkumukhazika pa mpando wa oyera mtima, pamene ife tikuona kuti a Simango anali munthu chabe, wolakwa pena ndi wolondola pena, amene anamanidwa chinthu chimene ngakhale wakuba nkhuku amapatsidwa kwa a nyakwawa: mwayi woyankha mlandu wake.

Kuchokera ku Machanga mpaka ku Dar es Salaam

Gawo loyamba la bukuli ndi limene latikondweretsa koposa. A Simango anabadwa pa 15 Marichi 1926 m'dera la Machanga, kufupi ndi mtsinje wa Save, pakati pa Andau. Dera limeneli lili ndi mbiri yake ya Chikhristu cha anthu akuda odziyendetsera okha mpingo. Ndiko kwawo kwa Kamba Simango, amene anakaphunzira ku America nabwerera kudzatumikira ku Beira. Mpingo umene unaphuka pa ntchito imeneyo, Igreja de Cristo ya ku Manica ndi Sofala, ndi umene unalera Uria. Apwitikizi ankaukayikira mpingowu, monga ankakayikira mipingo yonse ya Chiprotestanti, chifukwa unkaphunzitsa anthu kuwerenga m'chinenero chawo ndi kusankha okha akulu a mpingo. Mu 1953 anthu a ku Machanga anaukira akuluakulu a boma la atsamunda, ndipo ambiri anamangidwa. Mnyamatayo anakula akuona kuti kwawoko Baibulo ndi ndende zinali pafupi.

Ataphunzira zaubusa kwa amishoni a ku Switzerland kummwera kwa dziko, anadzozedwa pakati pa zaka za m'ma 1950 natumikira ku Beira. Kenaka anapita ku Salisbury, ku Rhodesia, kukaweta anthu a kwathu amene anathawa chibalo nkukagwira ntchito kumeneko. Apa owerenga athu samvanso zachilendo ai. Makolo athu a kuno nawonso ankathawa chibalo ndi msonkho kulowa ku Nyasaland, kukathyola tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo. Mbusa wa anthu othawa sangalalikire za kumwamba kokha. Amayenera kulembera anthu makalata, kuika maliro a anthu ofera kutali ndi kwawo, ndi kumva madandaulo a chimene chinawathamangitsa. Umu ndi mmene a Simango analowera ndale. A Ncomo afotokoza bwino zimenezi, ndipo tikuwakhulupirira kuti munthuyu sanasiye guwa chifukwa chosirira mpando. Nkhosa zake zomwe ndi zimene zinamukokera kumeneko.

Analowa UDENAMO, chipani chimene chinayambika ku Rhodesia mu 1960. Pa 25 Juni 1962, ku Dar es Salaam, UDENAMO, MANU ndi UNAMI zinagwirizana kupanga Frelimo. Eduardo Mondlane anasankhidwa kukhala pulezidenti, Uria Simango wachiwiri wake. Pa msonkhano waukulu wachiwiri, ku Matchedje m'chigawo cha Niassa mu Julayi 1968, awiriwa anapatsidwanso mipando yomweyo. Izi ndi zoyenera kuzibwereza, chifukwa mabuku a sukulu a nthawi yathu ankazilumpha: nkhondo itayamba pa 25 Seputembala 1964, mbusayu anali munthu wachiwiri m'gulu lonse lomenyera ufulu.

Nyumba itang'ambika

Pa 3 Febuluwale 1969 Mondlane anaphedwa ndi bomba lobisidwa m'phukusi la buku. Ambiri ankayembekeza kuti wachiwiri wake ndiye alowa m'malo. Sizinatero. Mu Epulo chaka chomwecho komiti yaikulu inakhazikitsa utsogoleri wa anthu atatu: Simango, Marcelino dos Santos ndi Samora Machel. Miphika itatu pa mafuwa amodzi siikhalitsa. Mu Novembala 1969 a Simango anatulutsa chikalata m'Chingerezi, chodziwika ndi dzina loti Gloomy Situation in Frelimo, m'mene anadandaula kuti m'gululi anthu akuphedwa popanda kuzengedwa mlandu, natchula imfa ya Silvério Nungu, ndiponso kuti kagulu ka anthu akummwera kalanda zonse. Anaimitsidwa nthawi yomweyo, ndipo mu Meyi 1970 anachotsedwa. Samora Machel anakhala pulezidenti.

Pano mpamene owerenga ayenera kuyamba kusamala ndi a Ncomo. Kwa iwo nkhani yonse ndi chiwembu cha anthu akummwera pofuna kupondereza anthu a pakati ndi kumpoto. Sitikukana kuti tsankho la zigawo linalipo. Ife a ku Zambezia tili ndi chilonda chathu pa nkhaniyi: Filipe Samuel Magaia, mkulu woyamba wa asilikali a Frelimo, wobadwira ku Mocuba, anaomberedwa ndi msilikali mnzake mu 1966, ndipo achinyamata ambiri a chigawo chino anachoka m'gululi atakhumudwa. Koma mkangano wa 1968 ndi 1969 sunali wa mitundu yokha. Unalinso wa mafunso ena olemera. Kodi azungu ndi amwenye obadwira m'dziko muno angakhale m'gulu lomenyera ufulu? Kodi ophunzira apite kunkhondo kapena apitirize sukulu? Kodi dziko likamasuka, minda ndi masitolo zikhala za yani? Pa funso loyambali, chikalata cha a Simango chili ndi mawu okayikira anthu chifukwa cha khungu lawo, kuphatikizapo mkazi wamasiye wa Mondlane. Mbusa amene ankalalikira kuti anthu onse ndi ana a Mulungu mmodzi sanayenere kulemba motero, ndipo wolemba mbiri yake anayenera kunena zimenezi mosapsatira. A Ncomo adutsapo mofewa, ngati munthu wodutsa pa nyumba ya apongozi.

Palinso china. Bukuli likufuna kuti tione a Simango ngati munthu amene kuyambira pachiyambi ankafuna ufulu wa zipani zambiri. Koma pa zaka 7 zimene anali pampando, Frelimo inkadzitcha yokha liwu la anthu onse a Mozambique, ndipo magulu opatuka monga COREMO inkawatcha adani. Wachiwiri kwa pulezidenti anali mbali ya utsogoleri umenewo. Mawu ake odzudzula kuphana anamveka poyera mpando utayamba kugwedezeka. Izi sizichotsa choonadi cha zimene ananena. Munthu akhoza kunena zoona mochedwa, ndipo zimakhalabe zoona. Koma ndi bwino kuvomera kuti anachedwa.

Miyezi yovuta ya 1974

Atachotsedwa anakhala ku Cairo, nalowa COREMO ya Paulo Gumane, gulu lomwe lija ankalitsutsa kale. Pa 25 Epulo 1974 asilikali anagwetsa boma ku Lisboa. A Simango anabwerera ku Beira, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho anatsogolera mgwirizano wa timagulu tingapo wotchedwa Partido da Coligação Nacional, PCN. Pempho lawo linali lomveka: Portugal isapereke dziko m'manja mwa chipani chimodzi popanda kufunsa eni dziko. Pakhale chisankho, anthu aponye voti.

Ili ndilo phata la moyo wa munthuyu, ndipo pamenepa tikugwirizana ndi a Ncomo. Koma tiyeni timvenso mbali inayo, poti mlandu sagamula atamva mmodzi. A Frelimo ankati: ife takhala m'tchire zaka 10, anzathu afa, ndipo lero timagulu tobadwa dzulo, tina todyetsedwa ndi atsamunda omwe, tikufuna tigawane nafe chimene sitinakhetsere thukuta. Ankakumbukira zimene Ian Smith anachita ku Rhodesia mu 1965, ndipo ankaopa kuti azungu a kuno angachite zomwezo atabisala kumbuyo kwa munthu wakuda. Mantha amenewa sanali opanda pake. Pa 7 Seputembala 1974, tsiku limene pangano la ku Lusaka linasainidwa lopereka dziko kwa Frelimo yokha, azungu okwiya analanda nyumba ya wailesi ya Rádio Clube ku Lourenço Marques. A Simango ndi anzawo a PCN anapita kumeneko. Patapita masiku owerengeka kuukirako kunatha, anthu ambiri atafa m'misewu ndi m'makomboni a mzindawo.

A Ncomo ayesetsa kufotokoza chifukwa chimene mbusayu anapitira ku nyumba ya wailesi ija. Ife sitinakhutire. Munthu amene anatha zaka zoposa 10 akulimbana ndi atsamunda anayenera kudziwa kuti anthu aja sankamenyera voti ya mlimi wa ku Majaua. Ankamenyera nyumba zawo ndi antchito awo. Poima pambali pawo, ngakhale tsiku limodzi, anapatsa adani ake ndodo yomukwapulira, ndipo anadetsa pempho labwino la chisankho. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ichi chinali cholakwa chake chachikulu, ndipo buku loona mtima likanachitchula dzina.

Komabe funso likutsala. Kodi chilango cha kulakwitsa pa ndale ndi imfa ya m'tchire, popanda woweruza, popanda mboni, popanda manda?

Pa malire athu

Zitavuta, a Simango anatuluka m'dziko. Mabuku onse awiri akugwirizana kuti iwo ndi anzawo, kuphatikizapo Gumane, anaitanidwa ku Malawi ngati kuti kukakhala zokambirana, ndipo atafika anagwidwa ndi akuluakulu a dzikolo nkuperekedwa kwa asilikali a Frelimo kuno ku Milange. Dzina limene limatchulidwa pa chiwembuchi ndi la Albert Muwalo Nqumayo, nduna yamphamvu ya Dr Banda masiku amenewo. Chifukwa chake nchosavuta kuchiona. Kwa zaka zambiri boma la Banda linali pa ubwenzi ndi Apwitikizi, Jorge Jardim wa ku Beira ali mkhalapakati, ndipo nkhondo ya Frelimo ku Zambezia inazima msanga chifukwa njira yodutsa ku Malawi inali yotseka. Mu 1974 mphepo itatembenuka, Malawi inafunika mphatso yoti ipereke kwa eni ake atsopano a njanji za ku Beira ndi ku Nacala. Mphatsoyo inakhala anthu. Muwalo mwini wake anamangidwa mu 1976 ndipo ananyongedwa mu 1977 ndi boma lomwelo limene analitumikira.

Wodziwa Baibulo sangalephere kukumbukira Uriya wina, Mhiti uja wa m'buku lachiwiri la Samueli, amene anayenda ulendo atanyamula yekha kalata ya imfa yake. Koma pa nkhani ija panapezeka Natani wolowa m'nyumba ya mfumu. Pa nkhani ya Uria wathuyu, mipingo inakhala chete. Ina inali ndi manyazi chifukwa cha ubale wake wakale ndi atsamunda, ina inali ndi mantha, ndipo mu Julayi 1975 sukulu ndi zipatala zake zinatengedwa ndi boma. Bukuli silikhalitsa pa kukhala chete kumeneku. Ife a mumpingo sitingakulumphe, chifukwa ndi kwathu.

Andendewo anatengeredwa ku Nachingwea, ku Tanzania. Mu Meyi 1975 anaimikidwa pamaso pa khamu la asilikali, Samora Machel akutsogolera, Julius Nyerere ndi Kenneth Kaunda ali alendo. A Simango anawerenga chikalata chachitali chovomera milandu, kuphatikizapo kukhudzidwa ndi imfa ya Mondlane. Kodi mawu a munthu womangidwa, woyang'aniridwa ndi mfuti, ndi umboni? Kwathu kuno ngakhale pa bwalo la mfumu amadziwa kuti fisi akagwa m'mbuna salankhula zakukhosi. Ofufuza ambiri amaloza chala apolisi achinsinsi a Portugal, a PIDE, pa bomba lija, ndipo palibe khoti limene linapezapo a Simango olakwa. Pamenepa a Ncomo agwira ntchito yabwino kwambiri. Asonkhanitsa mawu a anthu amene analipo, ndipo aonetsa kuti chimene chinachitika ku Nachingwea chinali chionetsero, osati mlandu.

Kuchoka uko anatumizidwa ku kampu ya M'telela, m'chigawo cha Niassa. Kumeneko nkumene anatha, pamodzi ndi Gumane, Nkavandame, Joana Simeão ndi wansembe wa Katolika Bambo Mateus Gwenjere. Mkazi wawo, mayi Celina, amene sanatsogolere chipani chilichonse, nawonso anaphedwa. Boma silinalengeze tsiku la imfazi ngakhale malo a manda. Anasiya ana aamuna atatu.

Chimene tinakolola

Ena amati zikanakhala kuti zipani zambiri zinaloledwa mu 1975, Mozambique ikanagwa m'nkhondo ngati Angola. Koma nkhondo tinaipeza ndithu, chipani chili chimodzi. Nzoona kuti motowo unakolezedwa ndi Rhodesia, kenaka South Africa, ndipo amene amaiwala zimenezi amanama. Koma ife a ku Milange tikudziwa kuti udzu unali wouma kale. Renamo isanafike kuno, m'mapiri athu munali kale gulu la PRM la Amós Sumane ndi Gimo Phiri, lija anthu ankalitchula kuti Wotcha Wekha chifukwa linkauza anthu kutentha okha nyumba zawo za m'midzi ya aldeia. Linaphatikizana ndi Renamo mu 1982. Anthu amene analibe bwalo lodandaulira anapeza anthu a mfuti oti awamvere. Tikudziwanso kuti kutsekera anthu popanda mlandu sikunali kwa ku Niassa kokha. M'boma lathu lomwe lino, ku Carico, a Mboni za Yehova zikwizikwi anasungidwa kuyambira 1975 chifukwa chokana kufuula mawu a chipani.

Chimene a Simango anapempha mu 1974 chinadzalembedwa m'malamulo a dziko mu 1990. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mmodzi mwa amkhalapakati ali munthu wa mpingo wochokera ku Sofala komweko, Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira. Chisankho choyamba cha zipani zambiri chinachitika mu Okutobala 1994, patatha zaka 20 chiperekedwere mbusa uja pa malire athu. Ana ake anatenga njira ya voti, osati ya mfuti. Daviz Simango anakhala meya wa Beira kuyambira 2003 mpaka imfa yake mu Febuluwale 2021, ndipo anayambitsa chipani cha MDM mu 2009. Lutero Simango anakhala phungu wa nyumba ya malamulo kwa zaka zambiri, nasankhidwa kutsogolera MDM mu 2021. Mpando wa phungu umene atate sanaloledwe ngakhale kuupikisanira, mwana anadzakhalapo.

Kodi mbusa alowe ndale?

Funso ili limabwera pa misonkhano yathu ya akulu a mpingo nthawi iliyonse chisankho chikayandikira, ndipo moyo wa a Simango umatithandiza kuliganizira. Si iwo oyamba. Pa 3 Febuluwale 1915, tsiku lomwelo la mwezi limene Mondlane anadzafera, mbusa John Chilembwe anaomberedwa m'dera la Mulanje akuthawira ku malire omwewa. Lero nkhope yake ili pa ndalama za Malawi. Mbusa mmodzi anafa asanaoloke nakhala ngwazi, wina anaolotsedwa nakhala wogulitsa dziko. Kusiyana kwake kwakukulu nkwakuti amene anapha Chilembwe anachoka, pamene amene anapha Simango ndiwo anatsala ndi cholembera.

Ku Rhodesia, Bishopu Abel Muzorewa anavomera kukhala nduna yaikulu mu 1979 pa mgwirizano ndi Smith, ndipo anthu anamukana pa chisankho cha 1980. Anachotsedwa ndi voti, nakalamba, nafa ndi matenda mu 2010. Ku Malawi, Lazarus Chakwera anasiya utsogoleri wa mpingo wa Assemblies of God mu 2013, anakhala pulezidenti mu 2020, ndipo mu Seputembala 2025 anthu omwewo anamuchotsa. Ku America, Raphael Warnock, mbusa wa tchalitchi cha Ebenezer ku Atlanta kumene Martin Luther King ankalalikira, analowa m'nyumba ya Senate mu 2021. Ena mwa awa anachita bwino, ena anakhumudwitsa. Kolala ya ubusa siipatsa munthu nzeru za ndale, ndipo a Simango ndi umboni wake. Anakhulupirira anthu osayenera kawiri, ku nyumba ya wailesi ndi ku Blantyre. Koma onse enawa anaweruzidwa ndi anthu pa bokosi la voti. Ndicho chokha chimene mbusa wa ku Machanga ankapempha, ndipo ndicho anamanidwa.

Choncho yankho lathu ndi ili. Mbusa akhoza kulowa ndale monga nzika ina iliyonse, koma akalowa asayembekeze kuti anthu amuopa chifukwa cha Baibulo la m'manja mwake. Adzafunsidwa za anzake amene wasankha, za mawu amene walemba, ndi za nthawi imene anakhala chete. Ndipo mpingo umene wamutulutsa usamuombere m'manja pa chilichonse, komanso usamutaye tsiku limene wagwa. Mipingo ya 1975 inalephera pa chachiwirichi.

Za kalembedwe, ndi ntchito yotsalira ife

Bukuli ndi lolemera kuwerenga. Mayina ndi ambiri, nkhani imabwerera m'mbuyo kawirikawiri, ndipo pena nkovuta kusiyanitsa chimene mboni inaona ndi chimene mlembi akuganiza. Mboni zambiri ndi anthu amene anapwetekedwa ndi Frelimo, ndipo mawu a mbali inayo ndi ochepa. Izi sitikuwadzudzula nazo kwambiri a Ncomo, chifukwa amene anasunga makalata a nthawi imeneyo sanawatsegulire aliyense. Munthu womanidwa nkhokwe amatola za pansi. Wophunzira wa kalasi ya akulu sangalithe bukuli yekha. Tikulangiza aphunzitsi kuti asankhe magawo awiri, la ubwana ku Machanga ndi la Nachingwea, awafotokoze m'Chinyanja, kenaka afunse kalasi funso limodzi: kodi munthu uyu anayenera kuzengedwa mlandu kapena ai? Wokonda Frelimo ndi wokonda Renamo akhoza kuyankha funso limeneli atakhala pa benchi imodzi.

Chotsiriza ndi ichi. M'buku lalikulu chotere, Milange ndi malo ongodutsapo. Za zimene anthu a kuno anaona m'miyezi imeneyo mulibe. Komatu amene anali achinyamata mu 1974 ena akadali moyo, ku Mongue, ku Majaua, ku Molumbo ndi m'munsi mwa phiri la Tumbine. Anaona asilikali a Frelimo akutuluka m'tchire, anaona Apwitikizi akulongedza katundu, anaona magalimoto a ku Carico. Chaka chilichonse timaika m'manda ena mwa iwo pamodzi ndi zimene akudziwa. Tikupempha ophunzira athu amene tsopano akutha kugwira cholembera kuti akhale pansi ndi agogo awo, alembe zimene anaona ndi maso awo, osawonjezera mchere, ndi kusiyanitsa bwino zoona okha ndi zongomva. Alembe m'chinenero chathu. Makolo anati mlandu suwola. Uwu unadutsa pakhomo pathu, ndipo ife ndife ena mwa mboni zake.